Ledgard Sakumbutsidwa

Horace Ledgard anabadwira m'ngolo ya anthu a zisudzo, panjira ya pakati pa matauni awiri a kumpoto kwa Mangalande. Mayi ake ankasoka zovala za gululo. Bambo ake ankasewera mbali za anthu oipa, aja amabayidwa sewero likamatha. Mwanayo anakwera pansanja asanayambe kukwawa, chifukwa pakafunika khanda ankangonyamula iyeyo. Kusukulu sanapondeko. Kuwerenga anaphunzirira pa timapepala ta bambo ake.

Timapepalato ndi tomwe aliyense ankalandira masiku amenewo. Munthu sankapatsidwa sewero lonse ayi, koma mawu ake okha, ndi mawu awiri kapena atatu omalizira a mnzake kuti adziwe poyambira. Buku lathunthu linali limodzi. Linkakhala pamiyendo pa wokumbutsa mawu, amene malo ake anali kampando ka m'mbali mwa nsanja, posaoneka, ndipo ntchito yake inali kunong'oneza aliyense amene mawu amuthawa.

Bambo ake a Horace ankamwa, choncho mawu ankawathawa kawirikawiri. Akasowa chonena ankangobwebweta za m'mutu mwawo. Tsiku lina, m'tauni ya migodi ya malasha, wokumbutsa anawanong'oneza mobwerezabwereza, mpaka munthu wina wa mipando ya m'mwamba anakuwa kuti wakuseriyo atuluke azisewera yekha, poti ndiye akuidziwa nkhaniyo. Nyumba yonse inafa ndi phwete. Horace anali ndi zaka khumi, ataima m'mbali, chipewa cha bambo ake chili m'manja. Za tsikulo anauzapo mkazi wake yekha, koma khalidwe lake lonse linachokera pamenepo.

Anakula n'kukhala mnyamata wamtali wa mawu aakulu. Anasewera anyamata ofunsira mbeta, asilikali, ana a mafumu, m'magulu osiyanasiyana, Lamulungu lililonse ali m'sitima kupita ku tauni ina. Ku London anapitako. Anakhalako zaka ziwiri, ntchito yake ili kulowa pansanja, kulengeza kuti mlendo wafika, n'kutulukanso. Anabwerera kumpoto. Sanali katswiri woti dziko n'kumukumbuka. Anali munthu wa ntchito basi: ukamupatsa mawu Lachisanu, pofika Lolemba wawameza onse, ndipo sankawonjezerapo kapena kuchotsapo liwu.

Anakwatira Adelaide, mtsikana wa m'gulu lomwelo, wamfupi, wa maso akuthwa. Ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu anachita lendi nyumba ya zisudzo ya kuno ku Skelby, ija inali pakati pa msika wa nsomba ndi tchalitchi cha anthu odana ndi masewero. Kuyambira pamenepo dzina la Horace linatha. Anakhala Bwana. Ndiye ankasankha masewero, kulemba anthu ntchito ndi kuwachotsa, kukangana ndi a gasi wa nyali, kukwera kudenga mvula ikadontha, ndipo madzulo n'kusewera mbali yaikulu. Anthu a m'mafakitale a ubweya ankabwera ndi malalanje ndi mtedza m'matumba. Sewero likawanyansa, makoko ankafika pansanja.

Tsiku loyamba la ntchito anaitana wokumbutsa mawu, munthu wowonda wa chifuwa, dzina lake Gillow, gulu lonse likumva.

"Bambo Gillow, enawa muziwathandiza. Koma ndikatsegula pakamwa ine, inu muzitseka buku. Ledgard sakumbutsidwa."

Gillow anayankha kuti wamva. Anali munthu woti ukamuuza chinthu kamodzi, wamuuza mpaka kale. Mawu a Bwanawo sanakhalitse m'nyumbamo, anatuluka n'kulowa m'tauni. Mwana akaloweza bwino ndime za ku Sande sukulu, amayi ake ankati ameneyu ndi Ledgard. Mwamuna akaiwala kugula buledi, mkazi wake ankati inu ndiye si Ledgard.

Mwambo wina sanauyambitse iye, anachita kuupeza. Anthu a zisudzo kwathu kuno satchula mawu otsekera sewero latsopano pa nthawi yoyeserera. Amati ukawatchula, sewerolo lagwa. Choncho mwini mawuwo akafika pamzere womaliza amangoti ndi zina zotero, n'kuwomba m'manja, anthu n'kubalalika. Mzerewo umamveka koyamba pamaso pa oonerera. Ku Skelby mzere womaliza unali wa Bwana nthawi zonse. Ankaika dzanja pamtima, kuunena, kenako n'kutsitsa dzanjalo, ndipo Tabb, yemwe ankagwira chingwe cha katani, akaona dzanja latsika ankamasula.

Masewero a nthawi imeneyo ankatha ndi kulankhula kwakutali kwa munthu wamkulu, ena onse ataima phee kumvetsera. Gillow analibe chochita pamenepo. Buku lotseka, woti amuthandize palibe. Ndiye anazolowera kuti Bwana akayamba mawu omaliza, iye ankadzuka mwakachetechete n'kupita kukhomo la kuseri kukasuta kaliwo wake. Gulu lonse linkadziwa. Ledgard yekha ndiye sankadziwa, chifukwa akakhala pansanja kukona kumeneko sankayang'anako n'komwe.

Kodi sanaiwalepo mawu pa zaka zonsezo? Anaiwalapo, ndi munthu. Koma Adelaide ndiye ankakopera aliyense timapepala kuchokera m'buku, motero sewero lililonse ankalidziwa kuyambira koyamba mpaka mzere wotsekera. Pansanja ankaima pafupi ndi mwamuna wake. Akaona khosi la Ledgard likufiira, ankafulatira oonerera ngati akukonza maluwa patebulo, n'kugwedeza milomo osatulutsa mawu. Ledgard ankawerenga milomoyo n'kupitiriza. Pobwerera kunyumba ankakamba za denga, za malasha, za mtsikana watsopano amene sakumveka kumbuyo. Za milomozo sanazikambepo, ngakhale kamodzi.

Adelaide anamwalira ndi chibayo m'nyengo ina yozizira kwambiri. Anamuika m'mawa, ndipo madzulo ake Ledgard anasewera, popeza zikwangwani zinali zitamatidwa kale. Ana analibe. Nyumba anaisiya n'kukachita lendi zipinda ziwiri kwa Mayi Oddy, mayi wamasiye wa kumsewu wa ku sitesheni, amene ankamusiyira nyama ya nkhosa yozizira ndi mbatata pansi pa mbale yovundikira, iwo n'kukagona.

Gulu lake linali ndi bala yawo pakona, kumene ankadya ndi kuseka sewero likatha. Ledgard anayesapo kupitako. Atangolowa anthu anaimirira, wina anamupatsa mpando wabwino wa pafupi ndi moto, nthabwala imene inali pakati inathera pomwepo. Anamwa kapu imodzi, onse akumuyankha kuti inde Bwana, zoona Bwana. Potuluka, chitseko chisanatsekeke bwino, anamva chiseko chikuyambiranso. Sanawakwiyire. Iye yemwe ali mnyamata ankachita chimodzimodzi. Sanapitekonso.

Choncho moyo wake unatsala pansanja pokha. Pamenepo anali ndi ana, abale, adani. Anthu ankamuyang'ana m'maso, kumutsutsa, kumugwira dzanja, kumulirira pachifuwa. Katani ikatsika, mwana wake wa mphindi yapitayo ankati mugone bwino Bwana, n'kudutsa. Ledgard ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo ankadziwanso kuti tsiku limene mawu adzamuthawe kotheratu, adzakhala wopanda munthu.

Anayamba kumuthawa atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Poyamba anali mayina a anthu a mumsewu. Kenako mawu a m'masewero akale, amene anawanena kambirimbiri. Akafika poti m'mutu mwachita mbee, ankayenda pang'onopang'ono kupita kuzenera lojambula, kuyang'ana kunja kumene kulibe, mpaka mawuwo abwere okha. Ankabwera. Oonerera ankati Bwana masiku ano akusewera mozama.

Amene sanapusitsike anali Mayi Birkett, amene ankasewera mbali za amayi ndi azakhali, ndipo anali m'gululo kuyambira pachiyambi. Iwo okha ndiwo sankaopa Bwana. Tsiku lina anamupeza m'chipinda chake akuchotsa utoto kumaso. Analowa osagogoda.

"Zenera lija mulikonda bwanji masiku ano, Bwana? Kukuoneka chiyani kunjako, ng'ombe?"

Ledgard anati sakumva zimene akunena.

"Mukumva. Ine Gillow amandinong'oneza sabata iliyonse, ndipo sindinafe nazo. Mumuuze atsegule buku. Malemu kulibe."

Aka kanali koyamba kuti munthu aonetse kuti ankadziwa za Adelaide. Ledgard anapitiriza kupukuta kumaso. Anawauza kuti chovala chawo cha m'chigawo chachiwiri chang'ambika kumsana, akachisoketse. Mayi Birkett anati ukalamba ndi wamwano kuposa iye, n'kutuluka.

Chaka chimenecho ku Skelby kunafika kanema. Munthu wina anatsegula holo kumsewu waukulu, ndipo achinyamata anayamba kupita kumeneko. Ledgard anaona kuti masewero akale sakukokanso anthu, ndiye anagula latsopano kuchokera ku London, loti aliyambe masana a Lolemba la Pasaka, mafakitale atatseka. Inali nkhani ya mwini sitima zapamadzi, nkhalamba youma mtima, imene inathamangitsa mwana wake wamkazi chifukwa chokwatiwa ndi mmphawi. Pomaliza mwanayo amabwerera m'chipale chofewa, khanda lili m'manja, ndipo nkhalambayo imalankhula kwa nthawi yaitali n'kumukhululukira. Mbali ya nkhalambayo inali yaikulu kuposa zonse zimene Ledgard ananyamulapo pa zaka khumi.

Anailoweza movutika. Ankayendayenda m'chipinda kwa Mayi Oddy mpaka mayiwo anadandaula za kapeti. Ankanena mawuwo pometa ndevu, pomanga nsapato, popita kuntchito. Poyeserera zinkayenda, ngakhale kuti kuzenera ankapitako. Akafika kumapeto ankati ndi zina zotero, n'kuwomba m'manja. Mzere womalizawo unali waufupi, wosavuta. Ankauyang'ana papepala, koma pakamwa pake sunatulukepo, ngakhale ali yekha m'chipinda. Mwambo ndi mwambo. Mawu ena onse lilime linali litawazolowera, moti mutu ukagona lilimelo linkayenda lokha. Mzere umenewu wokha ndiwo unalibe kwina kokhala koma m'mutu.

Loweruka, atamaliza kuyeserera komaliza, anapita kukhomo la kuseri. Anapeza Gillow atatsamira khoma, buku lili m'khwapa, akuyatsa kaliwo. Anali atagwira ntchito limodzi zaka pafupifupi makumi atatu, koma sanadyepo patebulo limodzi. Gillow anachotsa kaliwo pakamwa.

"Bambo Gillow, buku lija."

"Lili bwinobwino, Bwana. Mtsikana wosewera mwana wanu uja akudumphabe mzere m'chigawo chachitatu, koma ndimugwira."

Ledgard anayang'ana ngolo ya nsomba imene inkadutsa. Mawu oti anene anali atawakonza m'mawa, ndipo amenewa sanamuthawe ayi. Anali pakamwa penipeni. Anangoganiza za nkhope ya Gillow akawamva, za bala ya pakona, za amayi a m'tauni ndi ana awo a ku Sande sukulu. Anafunsa za chifuwa. Gillow anati chikadalipo. Ledgard anamuuza kuti azimwa madzi otentha a uchi, n'kuvala chipewa, n'kumapita.

Lolemba nyumba inadzaza mpaka mipando ya m'mwamba. Kunja kunali dzuwa, m'katimo munkanunkha gasi, malalanje ndi makhoti a ubweya. Sewero linayenda bwino. Amayi analira pamene mwana anathamangitsidwa, amuna anatukwana nkhalamba ija, ndipo palibe khoko limene linagwa pansanja. Ledgard anapita kuzenera kamodzi kokha.

Chigawo chomaliza chinafika. Mtsikana analowa, timapepala toyera tikumugwera pamutu, n'kugwada. Mayi Birkett anaima kumbuyo kwake atanyamula chidole chokulunga m'nsalu. Ledgard anayamba kulankhula, ndipo mawu anabwera onse, mwadongosolo, mokoma kuposa poyeserera. Iye mwini anamva kuti akusewera bwino. Anadzutsa mtsikanayo, anamupsompsona pamphumi, anatembenukira kwa oonerera n'kuika dzanja pamtima.

M'mutu munalibe kanthu.

Anadikira. Zenera linali kutali, ndipo munthu amene dzanja lili pamtima sayenda. Anayang'ana mtsikanayo. Mtsikanayo ankangomwetulira ndi misozi yake, kudikira mawu amene sanawamvepo. Anayang'ana Mayi Birkett. Iwo anaona khosi lafiira, anafulatira oonerera, milomo yawo inatseguka, koma analibe choikamo. Pakapepala kawo mzerewo panalibe. Tabb anali atagwira chingwe, maso ali padzanja.

M'nyumbamo munali zii. Wina anatsokomola. Khanda lenileni linayamba kulira kumipando ya kumbuyo.

Pamenepo Ledgard anachita chimene sanachitepo chiyambire. Anatembenuza mutu kuyang'ana kukona, ndipo ndi mawu ake aakulu aja, amene sankadziwa kunong'ona, anati:

"Bambo Gillow. Ndipatseni mawu."

Pakampandopo panalibe munthu. Panali buku lotseka, ndi magalasi a maso pamwamba pake.

Anakuyang'ana kukonako nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira. Kumwamba kunamveka mawu a mwamuna, osati achipongwe kwenikweni, koma odabwa, akufunsa mnzake ngati wamva zimenezo, Ledgard akupempha mawu. Kenako manong'onong'o anayenda mzere ndi mzere. Panalibe chiseko ngati chija cha ku migodi. Ledgard akanakonda chiseko. Anatsitsa dzanja, Tabb anamasula chingwe, katani inagwa. Anthu anawomba m'manja pang'ono, monga amachitira anthu aulemu.

Kuseri aliyense anapeza chochita. Gillow anabwera akuthamanga, kaliwo akufukabe m'dzanja, wina atamuuza kale. Anaima patsogolo pa Bwana, nkhope itatuwa.

"Munati ndizitseka, Bwana."

"Ndinatero. Mwachita bwino."

Mayi Birkett anamutsatira m'chipinda, chidole chija chikadali m'manja. Anamufunsa chifukwa chimene sanangonenera chilichonse. Akanati Mulungu atidalitse tonse, akanati tiyeni tikadye, ndani akanadziwa, poti mzerewo panalibe anaumvapo? Ledgard anati zobwebweta za m'mutu anazionera kwa bambo ake, ndipo zinamukwana. Mayiwo anati ndiye chabwino, zachitika, mawa Gillow akhala pamalo pake buku lili chitsegulire, ndipo pakatha mwezi tauni idzakhala itaiwala.

"Tauni ingaiwale, Mayi Birkett. Imeneyo ndi ntchito yake."

Anatenga timapepala take n'kuwapatsa kuti akapereke kwa mwamuna amene ankasewera mbali za madokotala, ayambe kuloweza. Anachotsa ndevu zomata n'kuziika m'bokosi.

Anayenda wapansi kupita kwa Mayi Oddy dzuwa lisanalowe. Anthu ochokera ku sewero anali akadali mumsewu ndi zovala zawo za Pasaka. Ena anamuvulira zipewa, ena anayang'ana m'mawindo a masitolo otseka. Atafika anakhala pabedi n'kuwerama kuti amasule nsapato. Mzere uja unabwera pomwepo, wathunthu, wosavuta: Tsekani chitseko, tonse tili m'nyumba. Anaunena kamodzi mokweza, kuti amve mmene ukanamvekera. Unamveka bwino. Mayi Oddy anafunsa ali m'chipinda chapansi ngati Bwana akuitana, iye anati ayi.

Pansanja sanakwereponso. Sewerolo linayenda milungu itatu, ndipo wa madokotala uja analisewera mosachititsa manyazi. Gillow sanapitenso kukhomo la kuseri. Ankakhala pakampando kake mpaka katani itagwa, chala chili pamzere, ngakhale kuti munthu watsopanoyo sanamufunepo. Kaliwo anamusiya, ndipo anthu amati chifuwa chinachepa.

Ledgard anayendetsabe nyumbayo zaka zina ziwiri. Ankafika m'mawa, kuona za gasi ndi za denga, kuima pakhomo anthu akamalowa, n'kukhala kumbuyo kwenikweni sewero likayamba. Atabwera munthu wa kanema uja kudzafuna nyumbayo, anamusiyira osakangana naye. Gulu linabalalika. Mayi Birkett anapita kwa mchemwali wawo ku Hull. Gillow anapeza ntchito yong'amba matikiti pakhomo lomwelo.

Anakhala kwa Mayi Oddy mpaka imfa yake. Masana aliwonse ankavala bwino n'kuyenda kukafika kumsika wa nsomba, kuzungulira tchalitchi, n'kubwerera. Akadutsa pakhomo la nyumba yake yakale, Gillow ankagwira chipewa n'kuti Bwana, iye n'kuti Bambo Gillow. Tsiku lina Gillow anati akhoza kumulowetsa ulere akafuna kuona zithunzizo. Ledgard anafunsa ngati anthu a m'zithunzimo amalankhula. Gillow anati ayi, amangogwedeza milomo. Ledgard anaima pang'ono, kenako anati mwina tsiku lina, n'kupitiriza ulendo wake. Sanalowemo.

Pamaliro pake panabwera anthu ochepa, poti kunali mvula ndipo linali tsiku la ntchito. Ku Skelby mawu aja akadalipo pakati pa okalamba. Mwana akaloweza bwino amati ndi Ledgard. Ambiri owanena sadziwa kuti anali yani.